Malungo a mu ubongo amasiya ana ena ndi vuto loiwala

LILONGWE: Mwana wa ku Chiwamba akakomoka ndi malungo n'kutsitsimuka atalandira chithandizo kuchipatala, makolo amaona ngati zatha. Koma kwa ana ena vuto limadzaonekera akabwerera kusukulu, pomwe amalephera kusunga m'mutu zimene aphunzitsi anena.

Akatswiri a zamaganizo amati kukumbukira kuli ndi mitundu ingapo, ndipo mtundu uliwonse umadalira mbali yakeyake ya ubongo. Mfundoyi inadziwika bwino kudzera mwa Henry Molaison wa ku America, yemwe mu 1953 dokotala William Scoville anamuchotsa gawo lalikulu la mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus pofuna kuthana ndi khunyu.

Kugwa kunachepa, koma mpaka pomwe anamwalira mu 2008, Molaison sankatha kusunga zinthu zatsopano. Zambiri za ubwana wake ankazidziwa, koma munthu amene wacheza naye m'mawa ankasanduka mlendo pofika masana. Chodabwitsa n'chakuti katswiri Brenda Milner atamuphunzitsa kujambula nyenyezi akuyang'ana pagalasi, luso lake linkakula tsiku ndi tsiku ngakhale mwini wake sankakumbukira kuti anayeserapo.

Malungo sawononga ubongo mofanana ndi opaleshoni imeneyo, komabe amasiya chipsera. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, gulu la Terrie Taylor linasonyeza mu 2015, pogwiritsa ntchito makina a MRI, kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumapha ana ambiri odwala nthendayi. Mu 2010 Gretchen Birbeck ndi anzake anali atalengeza kale kuti mwa ana 132 opulumuka omwe anawatsatira, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anadzakhala ndi khunyu, kulumala kapena kusintha khalidwe. Ku Uganda, kafukufuku wa mu 2008 anapeza kuti mwana mmodzi mwa anayi anali akuvutikabe kutchera khutu, kuphunzira kapena kukumbukira patatha zaka ziwiri.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudza alangizi a zamaphunziro ndi a zaumoyo. Mwana wotere kawirikawiri amatchedwa waulesi n'kumabwereza kalasi, chonsecho zimene zinamuchitikira zili m'buku lake lakuchipatala, lomwe mphunzitsi saliona. Mphunzitsi akadziwitsidwa, angathe kumukhazika mwanayo kutsogolo, kumupatsa malangizo afupiafupi ndi kumuphunzitsa mobwerezabwereza pochita zinthu ndi manja.