NKHUPAKUPA NDI NTHENDA YA MAGAZI A AGALU

Pa tchuthi chapitachi nditafika kwathu ku Guilleme, ndidapeza pakhomo pali zii. Galu wathu, Tilekeni, amene ankandichingamira kumsewu, adali atafa. Amayi adandiuza kuti adayamba ndi kukana nsima, kenaka kuonda, mpaka tsiku lina adatuluka magazi m'mphuno. Atsibweni adangoti, "Wina wamudyetsa poizoni ameneyu," ndipo kuyambira pamenepo moni ndi a nyumba yoyandikana nafe adatha. Koma mlangizi wa ziweto nditamufotokozera zizindikirozo, adandifunsa funso limodzi: "Kodi m'makutu mwake mudalibe nkhupakupa?" Zidalimo zambirimbiri. Anzanga owerenga, tiyeni tione za nthendayi, popeza yatha agalu ambiri, ndipo kusaidziwa kwadanitsa abale.

Nthendayi imayamba ndi kachilombo ka mtundu wa bakiteriya kotchedwa Ehrlichia canis. Dzinali ndi lolemekeza Paul Ehrlich, katswiri wa zamankhwala wa ku Germany. Oyamba kukaona adali Donatien ndi Lestoquard mu 1935 ku Algeria, dziko lomwe lija Charles Lavigerie adayambitsirako chipani cha Abambo Oyera mu 1868, chipani cha Ambuye Mathurin Guillemé amene parishi yathu idatengako dzina. Dziko lonse lidayamba kuiopa nthendayi m'zaka za m'ma 1960, pamene agalu ambiri a asilikali a ku America adafa nayo pa nkhondo ya ku Vietnam.

Kachilomboka sikauluka ndi mphepo, sikayenda ndi malovu monga chiwewe. Kamanyamulidwa ndi nkhupakupa yofiirira ija imene imakonda agalu. Nkhupakupayi imayamwa magazi katatu pa moyo wake: ikangoswedwa, ikasinkhuka, ndiponso ikakula. Ikakhuta imagwa pansi, nkubisala m'ming'alu ya chipupa kapena pogona galu, kenaka nkukweranso. Ikayamwa galu wodwala idakali yaing'ono, imasunga kachilomboko ndi kukapatsira galu wina pa ulendo wotsatira. Yaikazi imaikira mazira zikwi zingapo, komabe mwayi wake ngwakuti kachilomboka sikadutsa m'mazira. Ana a nkhupakupa amaswedwa opanda nthenda, amachita kukaitenga kwa galu.

M'thupi la galu, kachilomboka kamalowa m'kati mwa maselo oyera a magazi, omwe timawatcha asilikali a thupi, nkumaswana momwemo. Pakapita sabata imodzi mpaka atatu, galu amatentha thupi, amafooka, amakana chakudya, ndipo m'maso mumatuluka manthongo. Pambuyo pake amaoneka ngati wachira, koma kachilomboko kangobisala m'kapamba kwa miyezi kapena zaka. Agalu ena amakhala nako choncho osadwalanso. Ena nthenda imawabwerera mwaukali: mafuta a m'mafupa, kumene magazi amapangidwa, amaleka kugwira ntchito. Timaselo tothandiza magazi kuundana timachepa, ndiye chifukwa chake galu amatuluka magazi m'mphuno, nkhama zimayera, pamimba pamaoneka timadontho tofiira. Apa mpamene kumudzi timathamangira kunena za poizoni.

Kodi nthendayi ilipo kuno kwathu? Ilipo ndithu. Mu 2016 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wa agalu 100 a mu Lilongwe, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse magazi ake adaonetsa kuti adakumanapo ndi kachilombo ka mtundu umenewu. Mu 2021 a Elisha Chatanga a ku LUANAR, pamodzi ndi anzawo a ku yunivesite ya Hokkaido ku Japan, adafalitsa zimene adapeza m'magazi a agalu a m'mizinda ikuluikulu ya Malawi. Adapeza Ehrlichia canis, komanso tizilombo tina tobwera ndi nkhupakupa monga Anaplasma platys, Babesia ndi Hepatozoon canis. Galu mmodzi angathe kukhala ndi tiwiri nthawi imodzi.

Tsono apa mpamene pagona nkhani. Kale anthu ankaganiza kuti kachilomboka ndi kamodzimodzi kulikonse, popeza pa makina okulitsa tinthu tating'ono kamaoneka chimodzimodzi. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Chamoyo chilichonse chili ndi malangizo a kapangidwe kake olembedwa mu DNA ndi zilembo zinayi zokha: A, T, G ndi C. Mu 2006 akatswiri adamaliza kuwerenga DNA yonse ya kachilomboka, zilembo pafupifupi 1.3 miliyoni. Nthawi iliyonse kachilombo kakamagawikana pawiri, zilembo zonsezi zimakoperedwa. Ife a sukulu tikudziwa zimene zimachitika notsi zikayenda m'makope khumi: wina wadumpha liwu, wina walemba mzere kawiri, ndipo wokopera kwa iyeyo amatengera zolakwazo. Mukasonkhanitsa makopewo mungathe kudziwa amene adakopera kwa mnzake. Umu ndi momwenso akatswiri amalondolera chibale cha tizilomboti.

Zigawo zina za DNA sizisintha kawirikawiri. Chigawo chotchedwa 16S chimafanana pafupifupi paliponse, choncho chimangotiuza kuti kachilomboka ndi Ehrlichia canis. Koma chigawo china chotchedwa trp36 chili ndi mzere wobwerezabwereza ngati kolasi ya nyimbo. Mawu a kolasiyo ndi kuchuluka kwa kubwereza kwake zimasiyana. Poyang'ana chigawo chimenechi, akatswiri apeza magulu anayi odziwika bwino, ndipo adawatcha maina a maiko kumene adayamba kupezeka: United States, Taiwan, Brazil ndi Costa Rica. Zili ngati ife Achewa: mtundu ndi umodzi, koma pali a Banda, a Phiri ndi a Mwale. Ndipo monga a Phiri alipo kuno ku Mchinji, ku Chipata ndi ku Tete komwe, gulu lotchedwa dzina la dziko lina limapezekanso kutali ndi dzikolo, chifukwa agalu amayenda ndi anthu.

Mwina wina afunsa kuti phindu la kudziwa mafuko a kachilombo nchiyani. Loyamba ndi ili: chigawo cha trp36 chimapanga mbali ya kachilombo imene asilikali a thupi amaizindikira. Mbaliyo ikasiyana, njira yoyezera magazi yodalira mbali imeneyi ingathe kuphonya fuko lina. Lachiwiri, katemera wa nthendayi wogulitsidwa kwa oweta agalu palibe, ndipo amene akuyesa kumupanga ayenera kudziwa mafuko onse kuti katemerayo asadzateteze agalu a dziko limodzi okha. Lachitatu, chibalechi chimaonetsa njira imene nthenda yadzera. Dziko la Australia, lozunguliridwa ndi nyanja, lidaipeza koyamba mwa agalu ake mu May 2020 ku Kununurra, ndipo idafalikira msanga kumpoto kwa dzikolo. Nanga kuli bwanji ife, amene galu wosaka amawoloka malire a Zambia m'mawa nkubwerako madzulo? Tisaiwalenso kuti ku Venezuela kachilomboka kadapezeka m'magazi a munthu mu 1996, ngakhale zotere sizichitika kawirikawiri.

Nanga tichite chiyani? Mankhwala alipo. Madokotala a ziweto amapereka doxycycline kwa masiku 28, ndipo galu akayamba kulandira msanga amaonetsa kusintha m'masiku ochepa. Koma kusiyira panjira nkulakwa, pakuti kachilombo kamatsalira. Tisamwetse galu mankhwala a anthu mongoganizira. Ena monga panado angathe kumupha. Dibi wa ng'ombe tisamuthire pa galu osafunsa alangizi. Tiziyang'ana m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala za galu kawirikawiri. Nkhupakupa tiziigwira kumutu ndi kopanira, nkuikoka molunjika, nkuiponya pamoto. Tisaitswanye ndi zala. Tizisesa pogona galu ndi kumata ming'alu ya chipupa. Katemera wa chiwewe ngwofunika chaka ndi chaka, koma sateteza galu ku nthenda iyi.

Ambiri mwa ife, Mulungu akalola, tidzatumikira m'maparishi a kumudzi, kumene galu ndiye mlonda wa nkhokwe, wa khola ndi wa dimba. Tidzaweruza milandu ya akhristu odana chifukwa cha chiweto chimene chafa mosadziwika bwino. Pamenepo tidzafunse kaye za nkhupakupa tisanalole wina kuloza mnzake chala. Ine ndisanabwerere kuno ku seminale ndidawafotokozera atsibweni zonsezi. Sadayankhe kanthu, koma m'mawa mwake ndidawapeza akumata ming'alu kuseri kwa khitchini, kumene Tilekeni ankagona.