NTHENDA YONJENJEMERETSA: WODWALA ASAKHALE YEKHA

 Kapena m'komboni mwanu muli mkulu wina amene dzanja lace linjenjemera ali cikhalire, ayenda cowerama mapazi akukwekwesa pansi, ndipo mau ace samveka patali. Ena ati waledzera, ena ati walodzedwa. Kawirikawiri si mowa, si ufiti ai, koma nthenda ya Parkinson.

Dzinali licokera kwa James Parkinson, dokotala wa ku London, amene analongosola zizindikiro zace m'caka ca 1817. Gwero lace liri m'bongo. M'menemo muli tizigawo tating'ono topanga mankhwala acibadwa otchedwa dopamine, amene ali ngati mthenga wothandiza minofu kuyenda bwino. Tizigawoti tikayamba kufa, mthengayo acepa, ndipo thupi licedwa kumvera mwini wace. Kunjenjemera kuyamba mbali imodzi, ziwalo ziuma, nkhope ikhala ngati yosakondwa, ndipo zilembo za wodwalayo zicepa.

Nthendayi sipatsirana. Igwira makamaka opyola zaka 60, amuna koposa akazi. Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, linati mu 2019 odwala anaposa mamiliyoni 8.5. Inu a ku migodi dziwaninso kuti kupuma fumbi la manganese nthawi yaitali kudzetsa matenda ofanana ndi amenewa; cotero mukapita kucipatala, uzani dokotala nchito imene munagwirako.

Mankhwala ocizitsiratu sanapezeke, koma alipo otchedwa levodopa, amene madokotala anayamba kupatsa odwala ambiri cakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Bongo uwasandutsa dopamine, ndipo thupi limasuka kwa maola angapo. Ayenera kumwedwa pa nthawi yace, osalekezedwa mwadzidzidzi.

Koma liripo bvuto lina limene mapiritsi okha salithetsa, ndilo kukhala wekha. Munthu amene anasenza zitsulo zaka zambiri acita manyazi pamene tiyi atayika m'manja mwace, kapena mbamu ya nsima igwa pamaso pa alendo. Aleka kupita kutchalitchi, aleka kufika pamaliro, adzitsekera m'nyumba. Pokhala cete thupi liumiratu, ndipo cisoni, cimene ciri mbali ya nthendayi, cikula.

Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Ku Britain mai Mali Jenkins, poona mbale wace akudwala wopanda omthandiza, anayambitsa bungwe la odwala nthendayi mu 1969, ndipo lero litchedwa Parkinson's UK. M'maiko ambiri odwala asonkhana m'magulu, ndipo okhala motalikirana akambirana pa foni ndi pa intaneti. Kumeneko munthu amva nzeru za anzace amene anayenda kale njira yomweyo: kuti mapazi akakakamira pakhomo, uwerenge "modzi, wiri, tatu" kapena ulumphe mzere wolembedwa pansi, kuti kapu usaidzaze, kuti kuyenda, kubvina ndi kuimba mokweza tsiku ndi tsiku kuthandiza miyendo ndi mau. Nao akazi ndi ana osamalira odwala apezako pothulira nkhawa zao. Komabe za kusintha mankhwala funsani dokotala yekha, pakuti comkomera mnzanu cingakupwetekeni inu.

Gulu lotere silifuna cuma. Mabanja awiri kapena atatu okomana pakhonde kamodzi pa sabata ayamba kale.

Akulu mukumbukira Muhammad Ali, amene anagonjetsa George Foreman ku Kinshasa mu 1974. Mu 1984 anampeza ndi nthendayi, koma sanabisale. Mu 1996 anaima pamaso pa dziko lonse ku Atlanta nayatsa moto wa masewera a Olympic, manja ace akunjenjemera, ndipo khamu linamuombera m'manja. Anakhala nayo zaka 32 kufikira imfa yace mu 2016.

Cotero mukamuona mkulu uja wa m'komboni, musamseke, ndipo letsani ana kumtonza. Mperekezeni kucipatala, myembekezeni pamene acedwa kuyankha, ndipo ngati mudziwa wina wodwala cimodzimodzi, akomanitseni. Tsalani bwino.