Nkhope za Gule Wamkulu ndi za Agiriki

Abale a kuno ku Amaramba, amene munafikako ku Angónia m'chigawo cha Tete, kapena ku Dedza ku Malawi, mwina munaona Gule Wamkulu. Amatuluka pamaliro, pachinamwali ndi polonga mfumu. Za kudambwe sitilemba muno, zili ndi eni ake. Tikamba zimene aliyense amaona pabwalo.

Chilombo chilichonse chili ndi nkhope yake ndi chovala chake. Simoni ndi wofiira psuu, ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Anthu amaseka, ndipo amadziwa amene akumuseka. Maliya ali ndi nkhope ya mkazi. Kasiyamaliro ndi nyama yathunthu yolukidwa ndi makoko a chimanga. Iyeyo si wosekedwa ayi, ndi wolemekezeka. Mu 2005 bungwe la UNESCO linati guleyu ndi chuma cha anthu onse.

Ku Greece nakonso kunali zigoba zovala kumaso. Zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, anthu a mumzinda wa Athens ankasonkhana kuonera masewero pachikondwerero cha mulungu wawo Dionysus. Osewera anali amuna okhaokha. M'sewero lachisoni, olankhula mbali zazikulu anali atatu basi. Nanga pakafunika mfumu, mayi, mthenga ndi kapolo? Mmodzi ankapita kuseri, n'kusintha chigoba ndi mkanjo, n'kubwera ali munthu wina.

Koma kumeneko aliyense ankadziwa dzina la wovalayo, ndipo wopambana ankalandira mphoto. Kwa Achewa chilombo ndi mzimu. Dzina silifunsidwa.

Zigoba za Agirikizo zinaola zonse. Timazidziwa chifukwa anazijambula pambiya zawo.