Angoni a kwa Mlonyeni ndi mawu anayi a maphunziro a ziyankhulo

Kwa Mlonyeni, m'boma la Mchinji, anthu ambiri ndi Angoni koma pakhomo sayankhula Chingoni cha makolo awo. Nanga chinapita kuti? Funsoli litithandiza kumvetsa mawu anayi omwe ophunzira amakonda kusokoneza.

Loyamba ndi kusiya chiyankhulo. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 akuyankhula chiyankhulo chachibale ndi Chizulu. Gulu la Mpezeni, komwe kunachokera Angoni a ku Mchinji, linakwatira kwambiri akazi a Chinsenga. Mwana amayamwa chiyankhulo cha mayi ake, choncho Chingoni chinayamba kuzilala. Mtundu ulipo, ufumu ulipo, koma lilime linasintha. Mtundu ndi chiyankhulo n'zosiyana.

Lachiwiri ndi mawu obwereka. Chiyankhulo chikamazilala sichipita chonse. Mawu oti nduna anachokera ku induna. Chichewa chinangochotsa lembo la liwu loyambirira chifukwa mayina ake ambiri a mtundu umenewu sayamba motero. Lero timati nduna ya zamaphunziro osaganizako n'komwe za Angoni. Dzina la mwambo wa Nc'wala, womwe umachitika mu Febuluwale ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata, lasunga kaliwu kothetha lilime komwe Chichewa chilibe.

Lachitatu ndi kayankhulidwe ka dera. Wina akati "mwana wangu" m'malo mwa "mwana wanga", kapena "lomba" m'malo mwa "tsopano", sikuti akuswa Chichewa ayi. Zimenezo ndi zizindikiro za Chinsenga, ndipo zili ndi malamulo akeake. Mphunzitsi amene amaseka mwana woyankhula chonchi amamuphunzitsa manyazi basi, osati galamala.

Lachinayi ndi chiyankhulo chovomerezeka, chija cha m'mabuku ndi mayeso. Chimenechi amachisankha ndi anthu, kawirikawiri boma. Mu 1968 dziko la Malawi linasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa, ndipo mu 1972 linakhazikitsa Chichewa Board yoti iziyang'anira kalembedwe. Ku Zambia dzina lakale linatsala, ndiponso amalemba c pomwe ife timalemba ch: Cinyanja. Wokwera minibasi kuchoka ku Mchinji n'kudutsa pachipata cha Mwami amapeza dzina lina ndi kalembedwe kena, chikhalirecho akumvana bwinobwino ndi wogulitsa tomato ku Chipata.

Tsono mukapita kukafufuza m'dera ngati limeneli, musangofunsa kuti "Mumayankhula chiyankhulo chanji?" Wina adzati "Chingoni" akutanthauza mtundu wake. M'pempheni akufotokozereni za ulimi wa chaka chino, mujambule mawu ake atakulolani, kenako mumvetsere maina ndi aneni amene akutuluka.