Kathumba ka mamina pansi pa ubongo kangacititse khungu

Kupweteka kwa mutu kosatha ndi kusaona bwino ndi madandaulo odziwika pa zipatala za kumidzi, kuphatikizapo za m'dera la Mfumu Ndake m'boma la Nyimba. Odwala ambiri otere amapezeka ndi malungo, kuthamanga kwa magazi kapena ng'ala. Koma mwa owerengeka, gwero la bvutoli limakhala kathumba kodzala mamina kamene kali m'kaciwalo kochedwa pituitary.

Kaciwaloka n'kofanana ndi njere ya nyemba, ndipo kamakhala m'kadzenje ka fupa pansi pa ubongo, kumbuyo kwa mphuno. Kamatulutsa mahomoni amene amalamulira kukula kwa thupi, kusamba kwa akazi, mkaka wa m'mawere ndiponso kuculuka kwa mkodzo.

Kathumbako kamayamba munthu asanabadwe. Ca m'sabata lacinai la pathupi, mbali ina ya kumwamba kwa kamwa la mwana imapindikira m'mwamba n'kupanga cigawo ca kutsogolo ca pituitary. Katswiri wa ku Germany, Martin Heinrich Rathke, ndiye anafotokoza zimenezi mu 1838. Mpata wotsala pamenepo umayenera kutsekeka. Ukapanda kutero, umasanduka kathumba kamene madotolo amati Rathke cleft cyst. Kupima mitembo kwaonetsa kuti oposa munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse amakhala nako, ndipo ambiri amakalamba osadziwa.

Cimene cimakulitsa kathumbaka cimaoneka akakapima ndi makina amphamvu ochedwa electron microscope. Khoma lake nthawi zambiri ndi mzere umodzi cabe wa maselo. Ena mwa maselowa ali ndi tiubweya tochedwa cilia, tofanana ndi tija timakankha fumbi m'mphuno ndi m'njira ya mpweya. M'kati mwa kaubweya kalikonse muli timapaipi tiwiritiwiri m'magulu 9, tozungulira timapaipi 2 ta pakati, ndipo n'timene timakagwedeza. Pakati pa maselo aubweyawa pali ena ooneka ngati cikho, odzala timibulu ta mamina timene amatulutsira m'kathumbamo.

M'mphuno, mamina amapeza potulukira. M'kathumbaka mulibe khomo. Motero mamina amaunjikana kwa zaka, nthawi zina oyera, nthawi zina acikasu ndi olimba ngati phala, kufikira kathumbako katatupa.

Pamwamba pake penipeni ndi pamene mitsempha ya maso awiri imapingasana. Ikapanikizika, munthu amayamba kusaona zinthu za m'mbali, pamene za kutsogolo akuziona bwino. Woyenda mu mseu wa Great East Road angalephere kuona njinga imene ikubwera ca kumbali kwake. Kathumbaka kakapanikiza pituitary, mkazi angaleke kusamba kapena kutuluka mkaka asakuyamwitsa, mwamuna angacepe mphamvu m'banja, ndipo ena amamva ludzu losatha ndi kukodza kawirikawiri. Zizindikirozi zimapezeka kwambiri mwa akazi.

Kathumbaka si khansa, ndipo sikafalikira m'thupi. Kamaoneka bwino pa cithunzi ca makina a MRI. Wodwala wa ku Ndake amayambira pa kiliniki, kenaka pa cipatala ca boma ku Nyimba kapena ku Petauke, kumene angamutumize ku University Teaching Hospital mu Lusaka kwa madotolo ocita opaleshoni ya ubongo.

Kathumba kakang'ono kosabvuta amangokayang'anira. Kakakula, dotolo amadzera m'mphuno, kukaboola, kucotsa mamina ndi kutengako kacidutswa ka khoma kuti kakapimidwe. Opaleshoni ikacitika msanga, maso nthawi zambiri amayambanso kuona. Kupima khomako n'kofunika: ngati maselo ake asanduka aphwathalala ndi osanjikizana monga a pakhungu, mpata wakuti kathumbako kadzalenso umakhala waukulu, ndipo wodwala amafunika kujambulidwanso kwa zaka zingapo.