Kodi Dune ndi buku la sayansi kapena la matsenga?

Mphwanga akuwerenga Dune, buku limene Frank Herbert anatulutsa mu 1965, ndipo akukangana ndi anzake ngati ndi nkhani ya sayansi kapena ya matsenga. Atandifunsa ndinayamba ndakanda kumutu, chifukwa kale mabuku onse a zinthu zosachitika pansi pano ndinkangowatcha nthano.

Taganizani za wailesi ndi nsupa. Zonse zimachita zodabwitsa, koma wailesi mutha kuimasula n'kuona mawaya ake, pomwe nsupa imangofuna kuti musunge malamulo ake, osafunsa zambiri. Isaac Asimov akamalemba za maloboti amakupatsani wailesi. Mphete ya m'buku la Tolkien, The Lord of the Rings, ndi nsupa: palibe amene amafunsa kuti imayendera batire yanji.

Dune ndiye amasokoneza mutu. Muli zombo zoyenda pakati pa nyenyezi. Anthu a ku Arrakis, dziko la mchenga wokhawokha, amavala zovala zosefa thukuta ndi mkodzo kuti madziwo awamwenso, ndipo Herbert anafotokoza bwinobwino mmene zimagwirira ntchito. Komabe mulinso ulosi, makompyuta oganiza ngati munthu analetsedwa kalekale, ndipo asilikali amabayana ndi mipeni.

Ine ndimaliika ku sayansi. Ngakhale ulosiwo Herbert anaupezera gwero: mankhwala otchedwa melange, komanso gulu la amayi a Bene Gesserit limene kwa mibadwo yambiri linkakonza mwachinsinsi kuti uyu abereke ndi uyu. Amene mukutsutsa, kawerengeni kaye masamba akumapeto ofotokoza chilengedwe cha Arrakis, kenako tidzakambirane.