Tsiku Lobwerera ku Sukulu Yakale ku America

Usiku uno tiwoloke nyanja. Ku America, sukulu za sekondale zili ndi mwambo wotchedwa Homecoming, ndiye kuti kubwerera kwanu. M'mwezi wa September kapena October, onse amene anaphunzirapo kale amaitanidwa kudzaona pamene anasulidwira nzeru.

Mwambowu unayambira m'mayunivesite. Mu 1911, a Chester Brewer, mkulu wa zamasewera ku Missouri, anamema ophunzira akale kudzachemerera timu yawo polimbana ndi Kansas, ngakhale a ku Baylor amati iwo anayamba kale mu 1909.

M'sabata imeneyo ana amavala zovala za mtundu wa sukulu yawo. Lachisanu kumakhala perete wa ng'oma ndi malipenga, kenaka mpira wawo uja wothamanga nawo m'manja. Ku Texas atsikana amakoloweka m'khosi maluwa akuluakulu opanga, olenjekeka nsalu ndi timabelu.

Amasankhanso mfumu ndi mfumukazi mwa ophunzira, ndipo apa mpamene mtima wanga wauphunzitsi umakayika. Mavoti amakonda kugwera otchuka. Zovala za kugule nazonso n'zodula, moti mwana wa mmphawi nthawi zina amangomvera nyimbozo ali kutali.